Ken Miles, makaniko amene anaika Ford patsogolo pa Ferrari



Sabata zapitazi gulu lathu la pa WhatsApp linatentha ndi nkhani ya magalimoto. Wina anaponya chithunzi cha Ford Mustang yakale, yoyera, ya mizere iwiri yabuluu kuyambira pa boneti mpaka kumbuyo, basi mkangano unabuka. Ena akuti palibe yoposa Mustang, ena akuti Dodge Charger yakuda ija ya mu Fast & Furious, wina mpaka akuti zonsezo n'zachibwana, bola Cressida ya agogo ake. Chondiseketsa n'chakuti ambirife amene tinkalimbanapo sitinagwirepo ndi sipanala yomwe, tayala likaphwa timathamangira kuimba foni.

Koma mkati mwa nthabwalazo munali nkhani yeniyeni. Alipo anzathu awiri atatu amene akusunga ndalama kuti agule galimoto yakale yoti azikonza okha kunyumba. Aliponso ena amene makolo akuwauza kuti akaphunzire umakaniko, iwo n'kumachita manyazi ati ndi ntchito yonyansa zovala. Nde pa mbiri ya mwezi uno ndakusankhirani munthu amene manja ake anagwira nawo Mustang ya m'chithunzi ija. Dzina lake ndi Ken Miles. Anamwalira mu 1966, makolo a ambirife asanabadwe, koma amene munaonera filimu ya Ford v Ferrari ya mu 2019 mukumukumbukira: mkulu wowonda uja, wamakani, wosasiyana ndi kapu ya tiyi, amene Christian Bale anasewera. Filimu inathira mchere pena ndi pena. Ine ndikuuzani mmene moyo wake unayendera.

KAYE, MUSCLE CAR N'CHIYANI?

Kuti tiyendere limodzi. M'zaka za m'ma 1960 makampani a ku America anayamba kutenga galimoto wamba ya zitseko ziwiri n'kuiika chiinjini chachikulu cha V8, kuti wachinyamata wa pantchito athe kugula liwiro pa mtengo wofikirika. V8 ndi injini ya masilinda 8 oikidwa m'mizere iwiri yopendekeka ngati chilembo cha V. Ka Mira kamene timakwera ngati takisi kali ndi masilinda atatu, 660cc. Mustang imene tikukambayi inali ndi malita 4.7, ndiye kuti ma Mira seveni m'boneti imodzi. Pontiac GTO ya mu 1964 ndi imene ambiri amati inatsegula njira. Mustang inatuluka pa 17 April 1964, patangotsala miyezi yosakwana itatu kuti Malawi alandire ufulu wodzilamulira. Pamene kuno anthu ankakonzekera kukweza mbendera yatsopano, ku America achinyamata anali pamzere kwa ogulitsa Ford.

MNYAMATA WA KU BIRMINGHAM

Kenneth Henry Jarvis Miles anabadwa pa 1 November 1918 ku Sutton Coldfield, kufupi ndi mzinda wa Birmingham ku England, dera la mafakitale a zitsulo ndi magalimoto. Sanali mwana wokhazikika. Ali wamng'ono anayesapo kuthawa kwawo kuti apite ku America, koma zinakanika. Atakwanitsa zaka 15 anasiya sukulu n'kukalowa ntchito yophunzira ku kampani ya magalimoto ya Wolseley Motors.

Apa musandimve molakwa, amwene, n'kukauza makolo kuti nyuzileta ya kalabu yati tisiye sukulu. Kampaniyo itaona kuti mnyamatayo ali ndi mutu, inamutumiza kusukulu ya ntchito zamanja kuti akaphunzire bwinobwino kapangidwe ka galimoto. Ndiye kuti ankagwira zitsulo uku akuwerenga za zitsulozo. Zinthu ziwirizi n'zimene zinadzamusiyanitsa ndi anzake pambuyo pake: ankadziwa kumasula, ankadziwanso chifukwa chimene chinthucho chinapangidwira choncho.

Ndalama za galimoto yatsopano analibe. Anayamba ndi mipikisano ya njinga zamoto, n'kukhalanso ndi ka Austin 7, kagalimoto kakang'ono kotchipa ka nthawi imeneyo, kamene anakasintha yekha kuti kazithamanga. Mtsikana amene anali naye pachibwenzi m'masiku a ka Austin, Mollie, ndi amene anadzakhala mkazi wake mpaka imfa.

Kenako kunabwera nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe ija agogo athu a King's African Rifles anakamenya ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Miles analowa usilikali wa Britain. Anayamba ngati mphunzitsi wa kuyendetsa galimoto, kenako anamuika m'gulu la okonza makina ankhondo la Royal Electrical and Mechanical Engineers, n'kufika pa udindo wa staff sergeant. Mu June 1944 anatsikira nawo ku Normandy ku France. Taganizani kukonza kasinja m'matope, sipeya kulibe, ndipo ukalakwitsa anzako afa. Garaja yake yachiwiri inali imeneyo. Anatuluka usilikali mu 1946.

Nkhondo itatha anabwerera ku zomwe ankakonda. Ankapikisana ndi magalimoto akalekale monga Bugatti, Alfa Romeo ndi Alvis, ndipo anatenga Frazer Nash, galimoto yopepuka ya ku England, n'kuiika injini ya V8 ya Ford. Lisungeni ganizo limeneli, la thupi lopepuka ndi injini yaikulu, chifukwa tikumana nalonso kangapo.

KU AMERICA, NDI GALIMOTO ZOPANGA YEKHA

Chuma cha Britain chinali chitaphwa ndi nkhondo, ndipo zinthu sizinkamuyendera. Pofika 1952 anali atasamukira ku Los Angeles ndi banja lake. Ntchito imene anapeza inali yoyang'anira garaja ya Gough Industries, kampani yogulitsa magalimoto a MG kummwera kwa California. Mkati mwa sabata ankakonza magalimoto a makasitomala, kumapeto a sabata n'kumapita kumpikisano.

Kumeneko anthu olemera ankaitanitsa magalimoto odula kuchokera ku Italy ndi Germany. Miles anatola zipangizo za MG, n'kuwotcherera yekha chesesi ya mapaipi, n'kupanga galimoto yakeyake yaing'ono. Mu 1953 galimoto yopanga pamanja imeneyo inapambana mipikisano 14 yotsatizana. Chinsinsi chake sichinali injini yoopsa ayi. Galimotoyo inali yopepuka, inkagwira msewu pokhota, inkaima ikauzidwa kuima, ndipo woyendetsa ankaidziwa nati iliyonse poti anaimanga yekha.

Mu 1955 anapanga yachiwiri, yafulati kwambiri moti anthu anaitcha Flying Shingle. Mu March chaka chimenecho ku Palm Springs anafika poyamba, patsogolo pa katswiri wa mafilimu James Dean amene ankayendetsa Porsche. Koma oyang'anira atayeza galimoto anapeza kuti madigadi ake apitirira muyezo wa malamulo, basi anamulanda chipambano. Aka sikanali komaliza kuti malamulo a papepala amulande chimene anapeza pamsewu. Chaka chomwecho anakayendetsa MG ku mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France n'kumaliza pa nambala 12. Pambuyo pake anatenga injini ya Porsche n'kuiika m'chesesi ya Cooper, anthu n'kuphatikiza mayina awiriwo kuitcha Pooper, ndipo inkasiya kumbuyo ma Porsche enieni a kufakitale.

Munthu wake anali wovuta, tisabise. Ankalankhula mosapsatira, nthabwala zake zinali zoluma, ndipo ankakangana ndi akuluakulu a mipikisano. Anzake a ku America anamupatsa dzina loti Teddy Teabag chifukwa chokonda tiyi, komanso Sidebite chifukwa ankalankhulira kumbali kwa kamwa.

GARAJA ITSEKEDWA

Atatchuka anatsegula garaja yakeyake ku North Hollywood. Luso linalipo, dzina linalipo, koma kumayambiriro kwa 1963 garajayo inatsekedwa chifukwa cha ngongole ya msonkho. Bungwe lotolera misonkho la boma la America, ngati MRA yathuyi, silinafunse kuti wapambana makapu angati. Bambo wa zaka 44, wa mkazi ndi mwana, anapezeka alibe pogwira.

Gawo ili ndikufuna mulimve inu amene mukulota zotsegula garaja, saluni kapena shopu ya mafoni. Kudziwa ntchito ndi kuyendetsa bizinesi ndi zinthu ziwiri. Munthu amene ankatha kumva vuto la injini ndi khutu anagwa ndi kabuku ka ndalama. Tonse tikuwadziwa amisiri ena aluso m'makwalalamu amene ndalama ya sipeya ya kasitomala amayamba agulira ndiwo, mawa n'kumabisala kuseri kwa galimoto mwiniwake akabwera.

SHELBY AMUTOLA

Amene anamutola anali Carroll Shelby wa ku Texas, uja Matt Damon anasewera mufilimu. Shelby anali atapambana Le Mans mu 1959 ndi Aston Martin, koma anasiya kuyendetsa chifukwa cha matenda a mtima. Mu 1962 anayamba kuitanitsa matupi a galimoto yopepuka ya AC kuchokera ku England n'kumaikamo V8 ya Ford, n'kuitcha Cobra. Ganizo lomwe lija la Frazer Nash. Shelby ankadziwa kukopa mabwana ndi kupeza ndalama, koma ankafunika munthu woti akwere galimoto, aizungulitse, atsike n'kunena chenicheni chimene chikuvuta. Miles anakhala mkulu woyesa magalimoto ku Shelby American.

Chaka chomwecho cha 1963 panachitika kanthu kosonyeza mmene ankagwirira ntchito. Woimira kampani ya Rootes ku America ankafuna kudziwa ngati V8 ingalowe mu Sunbeam Alpine, kagalimoto kakang'ono ka ku England. Shelby anavomera kupanga yachitsanzo pa madola 10,000 m'sabata pafupifupi 8. Bwanayo kudikira kunamukanika, anapatsa Miles madola 800, Alpine imodzi ndi injini. Patangotha pafupifupi sabata, galimoto inali ikuyenda. Sinali yosalala ngati ya Shelby, koma inayankha funso. Kumeneko n'kumene kunachokera Sunbeam Tiger.

Tsopano tifike pa Mustang ya m'chithunzi chathu. Mustang yoyamba inkagulidwa ngati mandasi, pa mtengo woyambira madola 2,368, koma pansi pake inali Ford Falcon, galimoto yopitira kumsika. Ford inapempha Shelby kuti aisandutse yampikisano. Miles ndi injiniya Chuck Cantwell ndi anzawo anaitengera kubwalo n'kuyamba kuizungulitsa, kusintha, kuizungulitsanso.

Taonani zimene anachita. Injini anaikweza kuchoka pa 271 kufika pa 306 horsepower posintha kabuleta, njira yolowera mpweya ndi mapaipi a ekizozi. Koma ntchito yambiri inali kwina. Anachotsa mpando wakumbuyo, poti malamulo a mpikisano ankafuna galimoto ya anthu awiri, n'kuikapo tayala la sipeya. Boneti yachitsulo anaisintha ndi yopepuka. M'magalimoto oyambirira batire analisamutsira kubuti kuti kulemera kusachuluke kutsogolo. Anaika mashoko olimba a Koni, mabuleki akuluakulu, n'kutsitsa pang'ono pomangira mikono ya matayala akutsogolo kuti tayala lizigwira pansi bwino pokhota. Galimotoyo anaitcha Shelby GT350, ndipo mu 1965 anapanga 562 zokha. Mwaona eti? Ife tikamakamba za galimoto timafunsa kuti imathamanga bwanji. Iwo ankafunsa kuti imakhota bwanji, imaima bwanji.

Pa 14 February 1965, ku Green Valley Raceway ku Texas, Miles anayendetsa GT350 yampikisano koyamba n'kupambana. Wojambula anaigwira ili m'malere, matayala onse anayi atasiya pansi, ndipo chithunzicho chikuzungulirabe pa intaneti mpaka lero. Galimoto yomweyo inagulitsidwa pa okushoni ku Indianapolis mu July 2020 pa madola 3.85 miliyoni. Musavutike kuwerengetsa m'makwacha, mungadwale mutu.

Ganizo la V8 m'thupi lopepuka linafikanso kufupi ndi kwathu. Ku Johannesburg, Basil Green ankatenga Ford Capri n'kuikamo V8 ya malita 5, n'kuitcha Capri Perana. Amene muli ndi agogo kapena amalume amene anakhalitsa ku Joni m'ma 1970, afunseni, mwina anaionapo.

NKHONDO YA FORD NDI FERRARI

Mu 1963 Henry Ford II anafuna kugula kampani ya Ferrari, koma Enzo Ferrari anabweza zokambirana kumapeto. Ford anapsa mtima n'kulamula kuti apange galimoto yokagonjetsa Ferrari ku Le Mans, kumene Ferrari inapambana chaka chilichonse kuyambira 1960 mpaka 1965. Galimotoyo inali GT40. Anathirapo ndalama zankhaninkhani, koma mu 1964 sinamalize mpikisano ngakhale umodzi. Kumapeto kwa chakacho anaipereka kwa Shelby.

Miles ndi mmisiri mnzake Phil Remington anayamba nayo ngati mmene makaniko wabwino amayambira ndi galimoto yobwera pa chingwe, osakhulupirira zonena za mwiniwake. Anamata tizidutswa ta ulusi pathupi pake kuti aone mmene mphepo ikudutsira, anakonza njira za mpweya woziziritsa injini ndi mabuleki, anasintha injini ndi mawilo. Mu February 1965, Miles ndi Lloyd Ruby anapambana nayo mpikisano wa makilomita 2,000 ku Daytona. Kanali koyamba GT40 kupambana. Ku Le Mans chaka chimenecho giyabokosi inawakhumudwitsa, Ferrari n'kutenganso.

Chaka cha 1966 chinali chake. GT40 inali tsopano ndi injini ya malita 7. Mu February iye ndi Ruby anapambana maola 24 a Daytona. Mu March anapambananso maola 12 a Sebring. Kunatsala Le Mans, pa 18 ndi 19 June. Palibe amene anali atatengapo mipikisano itatuyi m'chaka chimodzi. Ruby anali atavulala pa ngozi ya ndege, choncho Miles anayendetsa ndi Denny Hulme wa ku New Zealand, galimoto nambala 1.

Le Mans ndi mpikisano wa maola 24 osaima, madalaivala kumasinthana (nthawi imeneyo ankakhala awiri), usiku ndi usana, mvula kaya dzuwa. Wopambana ndi amene wayenda mtunda wautali. Chaka chimenecho opambana anayenda makilomita oposa 4,800, ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe maulendo 15 tsiku limodzi. Miles anayamba ndi tsoka, chitseko chinakana kutsekeka ndipo anaima atangozungulira kamodzi. Anathamangitsa mpaka kuwapeza anzake. Pofika m'mawa ma Ferrari amphamvu onse anali atafa, ndipo chakumapeto Miles anali patsogolo, Bruce McLaren ndi Chris Amon pambuyo pake, Ford ina yachitatu kutali.

Apa mabwana a Ford anaganiza zojambulitsa. Anafuna kuti magalimoto awo atatu adutse pamzere womaliza limodzi, chithunzi chizungulire dziko lonse. Miles anauzidwa kuti achepetse liwiro adikire McLaren. Munthu wamakani uja, amene moyo wake wonse ankakangana ndi akuluakulu, anamvera. Magalimoto awiriwo anamaliza atazungulira ka 360 onse. Koma akuluakulu athu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo awa sanayambire limodzi. Poyamba mpikisano galimoto ya McLaren inaikidwa mamita angapo kumbuyo kwa ya Miles, choncho powerengera mtunda inapezeka kuti yayenda wautali pang'ono. Chikho chinapita kwa McLaren ndi Amon. Ford inapeza chithunzi chake, inagonjetsa Ferrari, ndipo munthu amene anaikonzera galimotoyo analembedwa wachiwiri.

IMFA KU RIVERSIDE

Mukanakhala inu mukanatani? Ambirife tikanataya masipanala n'kulemba zambiri pa Facebook. Miles anabwerera kuntchito. Ford inali ikupanga galimoto yatsopano yotchedwa J-car, ya chesesi yopepuka ya aluminiyamu, ndipo woiyesa anali iye.

Pa 17 August 1966, patangopita sabata zisanu ndi imodzi Malawi atakhala Republic, anali ku Riverside International Raceway ku California. Atayesa galimotoyo pafupifupi tsiku lonse, ali chakumapeto kwa msewu wowongoka pa liwiro la makilomita pafupifupi 300 pa ola, galimoto inasempha, inagubuduzika, inasweka n'kuyaka. Iye anaponyedwa kunja n'kufera pomwepo. Anali ndi zaka 47. Mwana wake wamwamuna, wa zaka 15, anali pabwalopo tsiku limenelo.

Ngoziyo itachitika Ford inasintha thupi la galimotoyo n'kuikamo khola la mapaipi achitsulo loteteza woyendetsa. Inatuluka ndi dzina loti Mk IV, ndipo mu 1967 inapambana Sebring ndi Le Mans. Ku Le Mans komweko Mario Andretti anachita nayo ngozi yoopsa n'kutuluka wamoyo, ndipo ambiri amati chinamupulumutsa ndi khola lija. Mu 2001 dzina la Miles linalowetsedwa mu Motorsports Hall of Fame of America.

NANGA IFE A KU CHICHIRI?

Tinene zoona, GT350 sitiipeza pa Ginnery Corner, ndipo ndi mizere ya petulo imene timaiona ija, V8 ingakudyetseni bonya mwezi wonse. Koma magalimoto akale alipo. Muli ma Peugeot 504, ma Datsun, ma Nissan 1400, ma Cortina ndi ma Land Rover amene akhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Chilomoni, Zingwangwa, Bangwe ndi Kanjedza, nkhuku zikuikiramo mazira. Miles anayambira pa zoterezi. Nde kwa inu amene mukusunga ndalama, nazi zochepa zimene ndatola pa moyo wake.

Pogula, musakopeke ndi penti ndi kulira kwa ekizozi. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndiye kuti madzi akulowa m'masilinda, wakuda ndiye kuti ikumwa mafuta mopitirira. Tsegulani chotsekera oyilo, mukapeza zoyererako ngati chambiko dziwani kuti madzi ndi oyilo zasakanikirana. Tukulani makapeti, suzumirani mubuti ndi kunsi. Injini imakonzeka, koma chesesi yodyeka ndi dzimbiri imadya ndalama mpaka kukusiyani. Nambala ya chesesi ndi ya injini zifanane ndi za mu blue book, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic, osati pa kapepala kolemberana pa bala. Musanalipire, zungulirani m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi kwa ogulitsa zakale ku Ndirande, mufunse ngati zipangizo zake zimapezeka. Ndipo tengani makaniko amene si mnzake wa wogulitsayo. Safunsa anadya phula.

Pokonza, tsatani ndondomeko ya GT350. Yambani ndi mabuleki, matayala, chiwongolero ndi mashoko. Za masipika ndi marimu zidikire. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani m'kabuku, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza ndi chimene chawononga. M'kabuku komweko muzilemba ndalama iliyonse imene yalowa m'galimotoyo, kuti isakutsekereni garaja musanaitsegule n'komwe.

Za chitetezo ndiye sindikuseka. Musalowe kunsi kwa galimoto imene yangokhala pa jeke, ikani zochirikiza zolimba pa malo osalala n'kutsekera matayala. Musatsegule chotsekera lediyeta injini ili yotentha. Pochotsa batire yambani ndi waya wa negative. Ndipo kumbukirani kuti Miles ankathamangira pabwalo lotsekedwa, atavala chipewa, ali ndi luso la zaka 30, koma liwiro linamuphabe. Masauko Chipembere Highway si Riverside. Pali ana asukulu, akabaza, amayi a malonda ndi maminibasi oima paliponse. Kuthamanga si kufika.

Kwa inu amene mukuchita manyazi ndi ovolosi, onaninso nkhaniyi. Ford inali ndi mainjiniya a madigiri ndi makompyuta, koma GT40 inayamba kupambana itafika m'manja mwa anthu amene ankadziwa kuwerenga pulani komanso kugona kunsi kwa galimoto. Pano pa Chichiri pomwe tili ndi MUBAS, imene makolo athu amaitchabe Poly, yophunzitsa uinjiniya wa makina, ndipo kuli makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA. Magalimoto ochokera ku Japan akulowa tsiku ndi tsiku kudzera pa Songwe ndi Mwanza, ambiri ali ndi makompyuta mkati, ena ndi ma hybrid. Adzafuna anthu owamvetsa, osati ongoyerekeza n'kumasinthitsa kasitomala sipeya imene sinafe.

Tikakumana Loweruka likubwerali, amene ali ndi jeke ndi sipanala ya mawilo abwere nazo. Mmodzi mwa makolo watibwereka galimoto kwa ola limodzi, ndipo aliyense, anyamata ndi atsikana omwe, achotsa tayala n'kulibwezera. Amene munkalimbana kwambiri za Charger pa gulu paja ndi amene muyambe. Muvale zoti zikada musadandaule.

Mukawerenga, tiuzeni m'munsimu galimoto yakale imene ili kwanu kapena kwa aneba, ndi chimene chinaiimitsa. Tionana Loweruka.